Antchito Asanu a Malemu

Lolemba, 13 Julaye, 10 koloko m'mawa

Ndakhala pansi tsopano. Mbale zatsukidwa, bondo likuwawa. Kope ili analitaya mdzukulu wanga atangolembamo masamba atatu. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachitatu, koma cholembera ndimachigwira, ndiponso pepala siliyankha mwano ngati ana a masiku ano.

Dzulo anabwera. Mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake. Mkamwini wangayu mumtima ndimamutchula a Peresenti, pamaso ndimati Bambo. Munthu woti ukamufunsa ngati shuga wakwana mu tiyi, akuti wakwana ndi 80 peresenti. Zaka 44, ntchito zisanu ndi ziwiri, palibe imene anakhalitsapo mpaka nsapato kutha.

Anabwera ndi buku la boma, lachikuto chonyezimira ngati la ukwati. La ku ofesi ya ziwerengero. Anawerenga ataimirira, chala m'mwamba ngati mlaliki. Akuti chaka chatha mabizinesi 41,000 atsegulidwa. Ntchito zatsopano 90,000. Ndinati amen.

Pofika pa mutu wa nkhani, ndi apa. Mwana wanga asiye ntchito ku fakitale ya mayunifolomu, kumene wasoka zaka 16. Atenge ndalama zake zopumira, atsegule shopu yokonza masofa monga ankachitira malemu bambo ake. Iye azisoka nsalu, a Peresenti azikhoma. A Peresenti! Munthu amene anakhoma msomali wa kalendala mpaka khoma langa kung'aluka. Kalata yosiya ntchito ikaperekedwe Lachisanu pa 31.

Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana wanga akuti, "Amayi, msana wanga wathera pa benchi ya eni ake. Ndifere pomwepo?" Msana umenewo ndimaudziwa, mankhwala ndimaupaka ndine.

Ana atatu ali pa sukulu. Malipiro okhazikika m'nyumba imeneyo ndi amodzi okha, ake.

Lachitatu, 15 Julaye

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Mkaka wasasa. Pa wailesi ya mabatire bwana wina wa mawu onona akubwereza nambala zomwezija. Ntchito 90,000. Zimakhala kuti ntchito zimenezi? Zimadutsa pa ndege? Mu msewu wathu uno sizinatsikepo.

Chipinda chimene akufuna kuchita lendi ndi cha pakona. Ndimachiona pa zenera langa, ndipo ine ndine buku lake. Chaka chatha chokha: saluni, miyezi itatu. Kenako shopu ya mafoni, mpaka mwini wake anathawa ndi mafoni a anthu. Kenako sukulu ya kompyuta yokhala ndi kompyuta imodzi, ophunzira ankachita kusinthana ngati pa mjigo. Kenako makeke, amene anadyedwa ndi ntchentche zambiri kuposa anthu. Penti wa pakhoma wakhuthala ngati chikopa cha mvuu. Wanenepa pa msewu uno ndi wolemba zikwangwani yekha, mimba yafika apa.

Ndiye boma lalemba kuti atsegula mabizinesi anayi. Chipinda chimodzi, loko mmodzi, denga lodontha limodzi.

Mwana wa mayi wogulitsa makala mu msewu uno anasesa mu saluni, anagulitsa mafoni, ananyamula makeke. Ntchito zitatu! Mtsikana mmodzi, nsapato peyala imodzi, lero akuluka tsitsi la amake pakhonde. M'buku la boma ndi anthu atatu osangalala.

Munthu wanzeru zake angapite kuchipatala kukawerenga ana obadwa, osapita kumanda, n'kubwerako akuvina kuti tachuluka? Awa anapita ku sukulu zaka makumi awiri kukaphunzira zimenezo.

Sopo wakweranso.

Loweruka, 18 Julaye

Buku lija a Peresenti analisiya pa tebulo kuti ndiziliona, mwina nditembenuka mtima. Chingerezi chokhachokha. Ndalinyamula, ndapita nalo kwa Aphunzitsi opuma a nyumba yachitatu. Ndawapeza akusoka batani, ulusi wakuda pa shati yoyera. Akazi awo atamwalira ndi mmene zilili.

Avala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena. Atsegula, atsegula, anyambita chala, mpaka tsamba 58. Kumapeto kwenikweni, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Atsekedwa: 37,000. Ntchito zatha: 84,000.

Ndati chotserani, Aphunzitsi. Akuti mabizinesi otsala 4,000, ntchito zotsala 6,000, dziko lonse. Ndati ndiye chimphona chija chatsala chala? Akuti inde, ndiponso ambiri mwa otsegulidwawo ndi munthu mmodzi ndi tebulo lake. Ndaseka mpaka chifuwa.

Chilungamo ndinene, kulemba analemba. Maliro anawerenga ndithu. Koma anawaika pansi pa dengu monga amachitira wogulitsa tomato, wabwino pamwamba, wophwanyika pansi. Ndipo bwana wa pa wailesi amangodya za pamwamba. A Peresenti nawonso. Munthu amene sanamalizepo kuwerenga ngakhale pepala la mankhwala angafike tsamba 58?

Potuluka Aphunzitsi anati, "Nambala sinama, Mayi. Imangobwereza zimene yauzidwa." Mawu amenewa sanandikomere. Aphunzitsi amatero, salola munthu apite ndi chimwemwe chake chonse.

Ndapinda tsambalo pakona. Mawa abwere. Ndawanolera.

Lamulungu, 19 Julaye, 5 koloko madzulo

Apita.

Ndinadikira adye kaye, mkamwini sumulasa ali ndi njala. Kenako ndinatsegula 58, ndinaika chala. Ndinati Bambo, tawerengani apa, maso anga ndi okalamba. Ndinkayembekeza aziyang'ana kudenga.

Anamwetulira. Anapisa m'thumba la jekete. Kani anapita yekha ku ofesi ya ziwerengero, anakhala pa mzere, anapempha pepala la dera lathu lokha, mtundu ndi mtundu wa bizinesi. Ulesi wonse uja, pa izi zokha ndiye wakhama.

Saluni, zafa zambiri. Mafoni, chimodzimodzi. Kenako mzere umene anauzunguliza ndi cholembera chofiira. Okonza masofa m'dera lino: awiri. Otsekedwa pa zaka zisanu zapitazi: palibe. Antchito: anali asanu ndi mmodzi, tsopano asanu ndi awiri. Wowonjezerayo analembedwa chaka chija mitengo inapenga, aliyense akuchotsa anthu.

"Amayi, saluni zimafa, masofa safa." Anatero, n'kumenya pa tebulo.

Shopu imodzi akuidziwa, ya madala a kudepoti, amagwira ndi mwana wawo, anthu awiri. Inayo ndiye yawasowa. Akuti ayenda masiku atatu, kuseri kwa msika, kutsidya kwa njanji, kufunsa a ngolo ndi a makala. "Anthu asanu, Amayi! Ayenera kuti ali ndi maoda a mahotela, n'chifukwa chake saika chikwangwani. Tikangolanda kotala ya makasitomala awo, basi."

Mwana wanga maso akuwala ngati kale ali wamng'ono. Akuti, "Mwaona, Amayi? Ntchito ya ababa ikadali ndi moyo."

Ndinadzuka. Ndinati mphika ukupserera. Pamoto panalibe mphika.

Lachinayi, 23 Julaye

Masiku anayi osalemba. Kope linali pansi pa pilo, ndimalilambalala ngati njoka.

Lero ndatsegula shedi ya kuseri. Fumbi, akangaude, fungo la guluu likadalipo pang'ono. Makina osokera aakulu aja ali pomwepo, nyundo zitatu, masipulingi adzimbiri m'chitini. Mpando wa eni ake umene sanabwere kudzautenga, mimba pamtunda.

Ndilembe basi, pepala silikuwa.

Shopu imene a Peresenti akuisaka kutsidya kwa njanji ili kuseri kwa khitchini yanga. Amaidutsa Lamulungu lililonse akamapita kukasamba m'manja.

Amuna anga anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mu Disembala. Mu Meyi kunabwera mtsikana wa kalembera, chipewa, chikwama, fomu pa kabolodi. Miyezi isanu aliyense ankangoti malemu, malemu, mpaka dzinalo linandimera m'makutu. Ndiye kamtsikana aka kagogoda, kakuti, "Eni ake a shopu ya masofa alipo?"

Alipo. Mawu amenewo.

Ndinati angotuluka kumene, apita kukagula masiponji. Sindinakonzekere, zinangotuluka. Ndipo zinakoma mkamwa, Mulungu andikhululukire. Mphindi khumi zonse zimene mtsikanayo anakhala pa mpando wanga, amuna anga anali m'njira akubwera, siponji pamutu, akutukwana minibasi. Ndinamuphikira tiyi kuti asafulumire. Antchito angati? Ndinati anayi. Ndi mmene analili pa zaka zabwino.

Chaka chotsatira mtsikana wina. Amasintha chaka chilichonse, ngati eni chipinda cha pakona. Ndinamuuza kuti apita ku maliro a mnzawo. Chaka china, apita kukapereka sofa kwa dokotala. Fomu inasanduka foni yaikulu ngati mbale, funso lomwelo. Palibe ndi mmodzi yemwe anati tiyeni ndikaone. Shedi ili masitepe khumi kuchoka pa mpando. Anthu a digiri! Kuopa fumbi pa nsapato.

Wachisanu uja. Chaka cha mitengo, mtsikana wa chaka chimenecho anabwera atatopa, akuti, "Agogo, kulikonse ndikungolemba achotsa, achotsa, atseka." Ndinamva kunyada kukwera ngati mkaka pamoto. Ndinati kuno ayi, kuno tawonjezera mmodzi. Malemu ankalakalaka kudzakhala ndi antchito asanu. Ndinawapatsa. Mtsikanayo anaomba m'manja.

Ndinkayesa zimathera m'kabati ina, mbewa n'kudya. Ndani amawerenga zinthu zimenezi? Dziko lonse lino munthu mmodzi yekha, ndipo anakwatira mwana wanga.

Atsala masiku asanu ndi atatu kuti kalata ija iperekedwe.

Lolemba, 27 Julaye

Dzulo ndinati ndinena. Ndinayeserera kubafa kawiri. Atabwera, a Peresenti anayala pa tebulo chithunzi cha chikwangwani, dzina la malemu ndi zilembo zagolide, pansi pake "ndi Ana." M'malo moulula ndinayamba ndewu ya mchere. Kuti ndani wasuntha mchere wanga. Anachoka msanga.

Lero ndinati ndikakonze kumene kunalakwikira. Minibasi ziwiri, bondo likulira. Ofesi ya ziwerengero ili pa nyumba yachitatu m'mwamba, chikepe chakufa. Iwo amene amawerenga zonse za m'dziko sanawerenge masitepe awo, ine ndawerenga, 54. Mipando ya alendo yong'ambika, siponji panja. Ndinati m'dera muno muli okonza masofa asanu ndi awiri, bwanji osawaitana?

Mlonda anditumiza chipinda 9. Chipinda 9 akuti 14. Ku 14 bambo akudya mtedza m'kabati, kutafuna mobisa ngati mbuzi ya m'munda wa eni. Akuti kutseka bizinesi pali fomu yake, asaine mwini wake. Ndinati mwini wake abwera akamaliza kugula masiponji. Sanamve. Ndinatulutsa chikalata cha imfa, chakhala m'chikwama changa zaka zonsezi, chafewa ngati nsalu.

Anaitana mayi wina wamng'ono, wamagalasi, wa pa kompyuta. Anayang'ana chikalata, anayang'ana kompyuta, anandiyang'ana ine. "Agogo, ndiye mwatinamiza zaka zisanu ndi ziwiri?" Ndinati mwana wanga, inu mumabwera kudzafunsa nkhalamba yokhala yokha ngati ili ndi anthu. Mumati iyankha chiyani? Simunapemphe kuona ngakhale nyundo. Sanakwiye. Anandikokera mpando. Zikanakhala bwino akanakwiya.

Anadina kamodzi. Basi. Ndachotsa ntchito anthu asanu ndi chala cha mwini wake, opanda notisi. Chaka chamawa bwana wa pa wailesi sadzawatchula, adzakhala pa tsamba 58.

Ndiye vuto ndi limenelo, chaka chamawa. Buku latsopano lituluka mu Juni. Ndinati ndilembereni kakalata, kokhala ndi chidindo, koti shopu ya anthu asanu ija kulibe, ndikaonetse mkamwini, amamvera chidindo kuposa m'busa. Akuti sizololedwa, zimene munthu watiuza ndi chinsinsi. Chinsinsi! Bodza langa analisindikiza n'kuligawa kwa aliyense wokhala pa mzere, choonadi changa ndiye chinsinsi.

Potsika masitepe ndinaima pa 30. Ndinalira pang'ono. Amuna anga ndawaika m'manda kawiri, ulendo uno ndekha, mlonda akundiyang'ana.

Ndalama ya minibasi yapita pachabe. Mafuta ophikira atsala pansi pa botolo.

Lachitatu, 29 Julaye

Mwana wanga anabwera yekha, pochokera ku ntchito, ulusi wabuluu uli m'tsitsi. Kalata ili mu envelopu, yotayipa, wasaina kale. Akuti ndiigwire ndi dzanja langa, ikhale ndi mdalitso. Ndinaigwira ngati khala la moto.

Anapempha kiyi wa shedi. Analowa, anapukuta makina ndi mpango wake, anazunguza gudumu. Akuti, "Ababa anatilera ndi makina awa mpaka tsiku lomaliza. Ndikabwera Loweruka ndinkawamva ndili pa geti." Anatenga sizasi yaikulu ija n'kuiika pachifuwa.

Pakamwa panga panatseguka. Panatuluka zoti samala dzimbiri.

Chimene sadziwa ndi ichi, ndipo n'choposa bodza la kalembera. Ntchito ija inafa bambo ake asanafe. Anthu anasiya kukonzetsa. Masofa otchipa a m'makontena anadzaza m'tauni, ukang'ambika umataya n'kugula wina, mtengo wake wocheperapo kuposa nsalu yokha. Antchito anayi aja anachoka mmodzimmodzi, womaliza anapita kukayendetsa njinga. Zaka zitatu zomaliza, mwezi wathunthu mpando umodzi, mwina osabwera n'komwe. Chimene tinkadya chinkachokera m'manja mwangamu, ndinkachapa zovala za manesi ku hositelo, kulowera khomo la kuseri kuti anthu a kutchalitchi asandione.

Loweruka, akamva geti, akuluwo ankathamangira ku shedi, kuika chigamba pa makina, kupalasa. Chigamba chimodzi chomwecho, chobiriwira, anachisoka mpaka chinalimba ngati thabwa. Ankatuluka akupukuta thukuta, "Maoda achuluka, mwana wanga, khala ndi amako." Anandilumbiritsa kuti ana asadzadziwe. Ndinasunga. Ndinasunga mopitirira muyeso, mpaka boma linalowa m'pangano lathu.

Madala a kudepoti nawonso ndimawadziwa. Amadya za mipando ya minibasi, ndipo mwana wawoyo amakhala pamenepo chifukwa alibe kwina.

Mwana wanga wapita ndi sizasi, akuimba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, amatero. Koma pano ofera kuuna si ine. Ine ndadya kale zaka zanga.

Mawa m'mawa a Peresenti akubwera ndi ngolo kudzatenga makina.

Lachinayi, 30 Julaye, 6 koloko m'mawa

Bambo, tsamba lino ndi lanu.

Mukafika ndi ngolo ndikupatsani kope ili m'manja, ine ndilowa kuchipinda. Musandigogodere. Wa ngoloyo mumuuze adikire, khalani pa mpando wong'ambika wa mu shedi, muyambe pa tsamba lachinayi, atatu oyambawo ndi masamu a mwana wanu. Ndipo ulendo uno muwerenge mpaka kumapeto.

Mwaona kale dzina limene ndimakutchulani. Za msomali wa kalendala mwaonanso. Sindifufuta, khomalo likadali long'aluka. Koma pa nkhani iyi inu simunaname. Munakwera masitepe 54, munafunsa, munayenda masiku atatu kufuna kuona ndi maso, chimene atsikana asanu ndi awiri a boma sanachite. Pepala lanu linali loona monga mmene linauzidwira. Wouza ndinali ine.

Ndakusankhani inu chifukwa mawu a pakamwa panga mwakhala mukuwataya zaka 19, ndipo mwina munkakhoza. Inu mumakhulupirira zolembedwa. Nazi, zalembedwa. Chidindo ndilibe. Mukafuna umboni, kwezani chivundikiro cha bokosi la pansi pa makina, chigamba chobiriwira chija chili momwemo.

Mkazi wanu sindingathe kumuyang'ana m'maso n'kumulanda bambo ake. Ndayesa katatu, lilime likukana. Inu ndinu mwamuna wake, nyamulani. Mukamaliza, musadikire madzulo. Pitani ku geti la fakitale nthawi ya nkhomaliro, mumupatse kope ili, mukhale naye pafupi pamene akuwerenga, ndipo pakamwa panu pakhale potseka, ngakhale peresenti imodzi isatuluke.

Msana ndi wake, kalata ndi yake. Akafuna kuipereka mawa, apereke, sindidzanenanso za fodya. Koma apereke akudziwa kuti anthu asanu amene mukufuna kuwalanda makasitomala sanadyepo, sanalandirepo, ndipo wachisanuyo sanabadwe n'komwe.

Akandikwiyira, mumuuze geti ndi losakhoma. Mpatseni lero, Bambo, chonde. Ngolo ikumveka pakona.